AMUNA AWIRI, BUKU LIMODZI: MPINGO NDI ACIFWAMBA KU JONI

Pa msonkhano wina wa atsogoleri a makalasi, mai wina anaimirira nafunsa funso limene linatisowetsa mtendere. Anati m'mudzi mwao muli mnyamata amene aliyense akudziwa kuti amayenda ndi gulu usiku. Njinga zikasowa, anthu amayang'ana nyumba ya kwao. Tsono mnyamatayo wabwera kudzalembetsa dzina m'kalasi, ndipo amai ena akuti iye akalowa iwo atuluka. Maiyo anamaliza ndi mau awa: "Kodi tikamphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, sitikumunolera mpeni?"

Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa osowa conena. Ifenso tinalibe yankho tsiku limenelo. Ndiye tinati tiyeni tikafunse mbiri, pakuti funsoli si la lero. Nkhani imene tabwera nayo ndi ya ku Johannesburg, kumene makolo athu ankati ku Joni.

Golide anapezeka kumeneko m'caka ca 1886. M'zaka zoyamba za migodi, anthu akuda okumba pansi oposa theka anali ocokera ku Moçambique, makamaka cigawo ca kumwera. Koma a kumpoto kunonso anapita. Bungwe la eni migodi lolemba anthu nchito, limene akuluakulu athu ankati Wenela, linkatenga anthu ngakhale m'dziko la Companhia do Niassa, kufikira 1913 pamene boma la South Africa linaletsa kutenga anthu a maiko otentha cifukwa ankafa ambiri ndi cibayo. Pambuyo pake ena ankadzera ku Nyasaland kukalembetsa ngati a kumeneko, ena ankayenda okha, amene ankati a selefu. Ena sanabwerenso, ndiwo machona. Ndipo amene anabwerera ankadziwa kuti ngozi siinali pansi pa mgodi pokha. Inalinso panjira yobwerera kumudzi, ndalama zili m'thumba.

Kavalo amene anasowa

M'caka comweco ca 1886, mnyamata wina wa ku Natal, dzina lake Mzuzephi Mathebula, wobadwa mu 1867, ankagwira nchito yosamala akavalo a mzungu wina ku Harrismith. Tsiku lina kavalo mmodzi anasowa. Bwanayo anati mlandu ndi wa mnyamatayo, ndipo agwire nchito zaka ziwiri popanda malipiro kuti alipire. Mzuzephi anakana, pakuti iye sanalakwe. Anathawa napita ku Johannesburg, nasintha dzina kuti asamupeze. Anakhala Jan Note.

Kumeneko analowa nchito pa nyumba ya azungu anai amene ankacoka madzulo pa akavalo ndi kubwera usiku ndi ndalama. Posacedwa anazindikira kuti mabwana akewo ndi acifwamba a pamseu. Sukulu yake yoyamba inali imeneyo, ndipo taonani amene anali aphunzitsi ake. Atawasiya anapita ku mapiri a Klipriviersberg, kumwera kwa tauni, kumene kunkabisala anthu othawa nchito, opanda ziphaso, ndi ena othawa milandu. Mtsogoleri wa anthu a m'mapangawo anali munthu wina dzina lake Nohlopa, ndipo Jan Note anakhala waciwiri wake.

Apa ndi pamene tikufuna kuti muchere khutu, inu atsogoleri a makalasi.

Nohlopa anagwidwa pa mlandu wothyola sitolo naponyedwa m'ndende. Ali m'katimo anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, ndipo buku limene ankawerenga linali Baibulo. Atatuluka anabwerera ku mapiri kuja, osati kudzatenganso mpando wake ai, koma kudzatsanzika. Anauza anzake kuti iye za ucifwamba wasiya, akupita kukalalikira Mau a Mulungu. Ndipo anapitadi.

Gulu linatsala m'manja mwa Jan Note, amene pambuyo pake anachuka ndi dzina lakuti Nongoloza. Nayenso anatsegula buku lomwelo. Iye mwini anafotokozera akuluakulu a ndende mu 1912 kuti anapeza m'Baibulo nkhani ya mzinda waukulu wa Nineve umene unapandukira Mulungu, ndipo anasankha dzina limenelo kuti likhale la gulu lake, popeza iwonso anali opandukira malamulo a boma. Ndimo mmene linabadwira dzina lakuti Ninevites, ndiko kuti anthu a ku Nineve. M'cilankhulo ca Azulu gululi linkachedwanso Umkhosi Wezintaba, gulu la nkhondo la kumapiri.

Ife timakonda kufunsa kuti, kodi Nongoloza akanakhala ndi wina pambali pake womuuza kuti atsegulenso buku la Yona, mutu 3, pamene Nineve yemweyo alapa kuyambira mfumu mpaka munthu wamba, zikanatha bwanji? Buku la Nahumu limasimba za Nineve wouma mutu, la Yona limasimba za Nineve wogwada. Onse awiri ali m'cikuto cimodzi. Koma tisanamizane kuti vuto linali kusowa mphunzitsi kokha. Munthuyu anali ndi bala la kavalo uja mumtima, ndipo munthu amawerenga ndi bala limene ali nalo.

Zimene Nongoloza anamanga sizinali gulu la akuba wamba. Anaika mfumu pamwamba, ndiye iye mwini. Pansi pake anaika akazembe, makaputeni ndi masajeni, monga anaonera kwa asilikali a azungu. Anaika woweruza milandu ikuluikulu ndi wina wa milandu ing'onoing'ono. Anaika ngakhale dokotala woyesa ofuna kulowa. Munthu amene kunja ankangoitanidwa kuti "boyi", wopanda dzina, wopanda mau pa bwalo lililonse, akalowa m'menemo ankapeza udindo, malamulo, ndi abale omufunsa ngati wadya.

Nanga ankabera yani? Apa ndi pomvetsa cisoni. Nyumba za azungu ankathyola ndithu, koma nyama yao yosavuta inali anthu a m'migodi amene atsiriza kontrakiti, akubwerera kwao ndi katundu pamutu. Kawirikawiri ankadziyesa apolisi, nkuimitsa munthu kuti aonetse ciphaso, ndipo pamene iye akupisa m'thumba iwo ankamulanda zonse. Thukuta la caka cathunthu linkathera pa chire limodzi. Amene ankati akupandukira boma lopondereza ankadya amphawi anzao.

Ndende siinathetse gululi, inalikulitsa. Lamulo la ziphaso linkalowetsa m'ndende anthu zikwizikwi osalakwa kanthu kena, ndipo m'katimo a Nineve ankawalandira ndi kuwalumbiritsa. Munthu ankalowa cifukwa ca kapepala, nkutuluka ali msilikali wa Nongoloza. Mwini wakeyo anakhala zaka zambiri m'ndende, akukwapulidwa kosawerengeka, osagonja. Cimene cinamufewetsa siinali mkwapulo. Mu 1912 akuluakulu a ndende anasintha njira, namuikira mlonda amene ankakhala naye pansi ndi kumvetsera madandaulo ake, ndipo nkhani ya kavalo ija inatulukanso, patapita zaka 26. Nongoloza analengeza kuti wasiya ufumu wake, ndipo pambuyo pake anamasulidwa nalembedwa nchito ya ulonda wa ndende. Anamwalira ku Pretoria mu 1948, ali wosauka.

Nyali m'makomponi

Pamene a Nineve ankalemba anthu ao m'mapanga ndi m'ndende, enanso ankalemba ao m'makomponi. Mu 1896 loya wina wa ku Natal, A. W. Baker, anasiya nchito ya milandu nayambitsa South African Compounds Mission. Ankamanga tinyumba ta mapemphero pafupi ndi makomponi, ndipo nyumba yomweyo usiku inkasanduka sukulu. Munthu wotuluka pansi pa nthaka, thupi lonse lili zii ndi kutopa, ankakhala pa benchi ndi sileti, akuphunzira a, e, i, o, u. Mipingo ina, monga Amethodisti ndi a Mishoni ya ku Switzerland, inkacitanso cimodzimodzi. Aphunzitsi ambiri sanali azungu, anali anchito anzao amene anatsogolako pang'ono. Ndiye kuti anali anthu onga inu.

Cimene cinkakoka anthu poyamba cinali kalata. Munthu ankafuna kulembera mkazi wake popanda kuulula zinsinsi za m'nyumba kwa mlembi wolipidwa, ndiponso kudziwerengera yekha zolembedwa pa tikiti yake ya nchito. Koma ankapezamonso cina: anzake omudikira madzulo, omuyendera akadwala, oyenda naye limodzi pobwerera kumudzi. Ambiri a ku Gaza ndi Inhambane anabwerera kwao ndi buku m'bokosi nayambitsa masukulu ndi mapemphero pansi pa mitengo, kumene mmishonale anali asanapondeko.

Tikayang'anitsitsa, kalasi ya usiku ndi gulu la Nongoloza zinkapikisana pa munthu mmodzi yemweyo, ndipo zinkamulonjeza zinthu zofanana: dzina, abale, lamulo, ndi malo okwerapo.

Mu 1918 kunafika Ray Phillips wa American Board, amene anagwira nchito ndi Frederick Bridgman. Nthawi imeneyo kunali kale magulu a anyamata ochedwa Amalaita, ambiri a iwo anchito a m'nyumba za azungu, amene Lamulungu ankayenda m'misewu pa mzere akuimba tizitoliro ta pakamwa ndi kumenya amene akumana naye. Phillips anaona kuti ulaliki wa ola limodzi sungathe kulimbana ndi maola ena onse amene mnyamata alibe cocita. Anayamba kuonetsa kanema m'makomponi, analimbikitsa mpira ndi magulu a anyamata a Pathfinders, ndipo mu 1924 anathandiza kutsegula Bantu Men's Social Centre pa Eloff Street, mmene munali mabuku, makalasi a usiku ndi masewera. Mu 1941 anatsegula Jan Hofmeyr School of Social Work, sukulu imene Eduardo Mondlane anaphunzirako kanthawi.

Koma tinene zoona. Ndalama za kanema uja zinkacokera kwa eni migodi, ndipo iwo sankalipira cifukwa cokonda Uthenga Wabwino. Ankafuna anchito ofatsa, osaganiza za sitalaka. Phillips anacita zabwino zambiri, komabe nchito yake inkapepuza ululu wa komponi popanda kugwetsa mpanda wake. Mpingo ukalandira thandizo kwa mwini mpanda umavutika kunena za mpandawo.

Sophiatown

Tsopano tidumphe zaka, tifike ku Sophiatown, kumadzulo kwa Johannesburg. Awa anali amodzi mwa malo ocepa kumene munthu wakuda ankaloledwa kugula puloti yakeyake. Anthu anadzazana mpaka mabanja angapo pa mpopi umodzi. Kunali oimba, olemba nyuzi, aphunzitsi, ndiponso kunali mipeni. Acifwamba a kuno sanali obwera kucokera kumidzi monga a Nineve. Anali ana obadwira m'tauni momwemo, amene ankachedwa atsotsi. Magulu ao anali ndi maina otengera ku kanema ndi ku nkhondo ya ku Ulaya: Americans, Berliners, Gestapo, Vultures. A Americans ankavala zovala zodula, ankaba katundu wa m'sitima ndi m'masitolo a m'tauni nkumagulitsa mochipa, conco anthu ena ankawatamanda. Magulu ena ankangodikira Lacisanu madzulo, anthu akatsika basi ndi malipiro a sabata.

A mpingo wa Anglican sanayendere malo awa kucokera kutali. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 mai wina wa ku England, Dorothy Maud, anakakhala momwemo natsegula nyumba yochedwa Ekutuleni, kutanthauza malo a mtendere, mmene munali sukulu za mkaka ndi magulu a ana. Ansembe a cipani ca Community of the Resurrection anamanga chalichi ca Christ the King pamwamba pa citunda, pamodzi ndi masukulu. Mu 1943 kunabwera Bambo Trevor Huddleston.

Za bambo ameneyu zalembedwa zambiri, ndipo nthawi zina amamukometsera ngati anali yekha. Sanali yekha. Panali makatekisiti, aphunzitsi, masisitere, ndiponso amai a mapemphero a Lacinai, amene kumeneko amati manyano, ofanana ndi amai athu a cigwirizano. Amai amenewa ndiwo ankasambitsa mitembo ya obayidwa, ndipo kawirikawiri wobaya ndi wobayidwa onse anali ana a amai a gulu limodzi. Tangoganizani pemphero la Lacinai lotsatira.

Cimene Huddleston anacita cinali kuyenda pansi m'misewu imeneyo ndi mkanjo wake, usana ndi usiku, ndi kudziwa ana maina ao. Khomo la ofesi yake linali losatseka. Mu 1945 anayambitsa nchito yodyetsa ana a sukulu, African Children's Feeding Scheme. Anapempha ndalama kwa zaka mpaka anamangitsa dziwe losambiramo ku Orlando. Mnyamata wina wodwala cifuwa cacikulu, amene anagona m'cipatala miyezi yoposa 12, bamboyu ankamuyendera kawirikawiri atanyamula mabuku. Mnyamatayo anali Desmond Tutu. Wina, wa pa sukulu ya St Peter's ku Rosettenville, anali wovuta, wosamva, wokonda ndeu. Huddleston anamufunsa cimene akufuna kwenikweni, ndipo iye anati lipenga. Mu 1954 bamboyu anamugulira lipengalo namupezera womuphunzitsa. Ameneyo ndi Hugh Masekela.

Nkhani ziwirizi zimakoma kusimba, ndipo n'cifukwa cake zimasimbidwa kawirikawiri. Koma pa Tutu mmodzi panali anyamata angati amene anaimba m'kwaya, natumikira pa guwa, kenaka nkukafera pa mpeni kapena pa cingwe ku Pretoria? Huddleston mwini sanabise zimenezi. M'buku lake la mu 1956, Naught for Your Comfort, analemba za atsotsi, ndipo sanadzitame kuti anawagonjetsa. Analoza cala pa malamulo amene ankasiya mwana wa m'tauni wopanda malo kusukulu, wopanda ciphaso cofunira nchito, wopanda bwalo loseweramo. Apa ndi pamene anasiyana ndi Phillips. Iye anafika ponena poyera kuti boma lenilenilo ndilo likupanga atsotsi, ndipo mau amenewo anamudanitsa ndi akuluakulu.

Palinso Don Mattera, wobadwa mu 1935, amene anaphunzira pa sukulu ya masisitere a Katolika ku Durban, nabwerera ku Sophiatown nkukhala mtsogoleri wa Vultures. Ameneyu kuwerenga ankadziwa bwino lomwe pamene ankatsogolera ana anzake ku nkhondo za m'misewu. Anabayidwa, anaomberedwa, anazengedwa mlandu wakupha koma sanapezeke wolakwa. Pambuyo pake anasiya, nalowa ndale zomenyera ufulu, nakhala mlembi ndi mlakatuli wochuka, ndipo anathera zaka zambiri akuthandiza acinyamata a m'misewu. Cipembedzo cimene anasankha atakula cinali Cisilamu. Anamwalira mu 2022. Tikuchula zimenezi dala, cifukwa alipo ena pakati pathu amene amawerenga phindu la kalasi poona okhawo amene abatizidwa.

Kutha kwake

Boma la tsankho linamenya mbali zonse ziwiri zimene mpingo unaimirapo, sukulu ndi mudzi. Lamulo la Bantu Education la mu 1953 linalanda masukulu m'manja mwa mamishoni. Bishopu Ambrose Reeves wa ku Johannesburg anasankha kutseka masukulu a dayosizi yake m'malo mowapereka, ndipo St Peter's inatsekedwa mu 1956. Anthu amatsutsanabe ngati anacita bwino, pakuti ana ambiri amene anatsekeredwa kunja analibe kwina kopita koma mseu. Masukulu a usiku a akuluakulu nawonso anapanikizidwa ndi malamulo mpaka ambiri anafa m'zaka za m'ma 1960.

Pa 9 February 1955, m'bandakuca, apolisi okwana 2,000 analowa m'Sophiatown ndi malole, nayamba kusamutsa anthu kupita nao ku Meadowlands. Nyumba zinagwetsedwa, pamalopo panamangidwa mudzi wa azungu umene anaucha Triomf, ndiko kuti cipambano. Akulu a cipani cake anaitana Huddleston kuti abwerere ku England, ndipo anacoka mu 1956. Kuyambira 1960 mpaka 1968 anali bishopu wa ku Masasi, kutsidya kwa Rovuma. Magulu a Sophiatown anabalalika pamodzi ndi mudzi wao, koma ku Soweto kunabuka ena atsopano, ndipo kumeneko anthu oyandikana nyumba sankadziwana, panalibe wodziwa kuti mwana uyu ndi wa yani.

Chalichi ca Christ the King cinatsala ciriri pakati pa nyumba za eni atsopano. Cinabwerera m'manja mwa Anglican mu 1997. Huddleston anamwalira mu 1998 ndipo phulusa lake linaikidwa pamenepo. Dzina lakuti Sophiatown linabwezedwa mu 2006.

Nanga za Nongoloza? Iye anasiya, koma cimene anamanga sicinamusiye. Magulu a m'ndende za ku South Africa ochedwa 26, 27 ndi 28 amamuyesa kholo lao, ndipo wolowa kumene amaphunzitsidwa mbiri yake pamtima, monga ife tiphunzitsira katekisimu. M'nthano yaoyo amati malamulo a gulu analembedwa pa mwala, kenaka anadindidwa pa cikopa ca ng'ombe. Nongoloza anatenga cikopa, mnzake anatenga mwala, ndipo mwalawo unagwa nusweka, n'cifukwa cake magulu awiriwo sagwirizana pa malamulo ena. Taonani, ngakhale anthu amene ambiri a iwo sanapite patali ndi sukulu amafuna kuti ciyambi cao cikhale colembedwa. Za Nohlopa, amene anatsika m'phiri ndi Baibulo m'manja, mbiri inasunga mizere yocepa cabe.

Tibwerere kwa mai uja. Ife maganizo athu ndi akuti mnyamatayo alembedwe, ndipo amai odandaulawo asanyozedwe, pakuti njinga zinasowadi. Mtsogoleri akambe ndi akulu a mpingo ndi a mfumu poyamba. Mnyamatayo akhale kutsogolo, pafupi ndi mphunzitsi, apatsidwe kanchito kooneka, kaya kufufuta bolodi kaya kuitana maina. Ndipo wina wamkulu amuperekeze pobwerera, cifukwa anzake aja adzakhala akumudikira panjira, ndipo iwo sajomba.

Pomaliza tikupempha thandizo lanu. M'midzi mwathu atsala ocepa amene anapita ku Joni kapena ku Salisbury, ndipo akutha. Ngati m'kalasi mwanu muli mmodzi, kapena mai amene bambo wake anapita, mupatseni mpata asimbe: anadzera njira iti, ndalama ankabisa pati pobwerera, anaphunzira kuwerenga kwa yani, ndipo buku loyamba linali lotani. Ophunzira alembe okha zimene amva, ngakhale mizere isanu, ndipo mutitumizire kudzera kwa woyang'anira cigawo canu.